Chimbudzi cha Apongozi Anga

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Akazi anga akhala akundiuza zimenezi kuyambira tili pachibwenzi, ndipo ana amene ndawaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Mitundu akhoza kuikira umboni. Koma tsiku limene pakamwapa panandigwetsa m'manyazi enieni, nkhani yake inali ya chimbudzi.

Apongozi anga, mayi awo a akazi anga, ankakhala kumudzi kwawo ku Nathenje. Chaka chimenecho mvula inavumba osapumira, ndipo m'mawa wina akutuluka m'chimbudzi chawo chokumba anaterereka pakhomo n'kugwera chammbali. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anawatengera kuchipatala ku Nkhoma, komwe anawachita opaleshoni n'kuwaika chitsulo. Atatsala masiku ochepa kuti atuluke, adokotala anaitana akazi anga ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa akazi angawo, n'kuwauza mosapsatira mawu kuti kwa miyezi itatu amayiwa asanyonyomale, asagwade, asakhale pamphasa. Akangonyonyomala chitsulocho chiguluka, ndipo mwina sadzayendanso.

Nanga kumudzi chimbudzi chosanyonyomala mungachipeze kuti? Akazi anga atayamba kundifotokozera, sindinadikire n'komwe kuti amalize. Ndinati amayi abwere kuno, ndiwaikira chimbudzi chogejemula m'nyumba momwemo, chokhalapo ngati pampando. Ndinalankhula modzitama ndithu, chifukwa mwa anansi anga onse panalibe amene anali nacho.

Alamu anga sanakondwe nazo. "Mayi agone denga limodzi ndi mkamwini? Munaziona kuti zimenezo, alamu?" anandifunsa pa foni.

Sikuti ankanama. Zaka khumi ndi zisanu za banja lathu, ine ndi apongozi anga tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Ndikafika ku Nathenje, iwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe atandifulatira, n'kuuza mwana wawo kuti, "Muwauze bambo kuti tadzuka." Ine ndinkayankha kuti, "Muwauze amayi kuti nafenso tadzuka," chonsecho tikumvana bwinobwino. Tikakumana panjira ankapatukira m'tchire mpaka nditadutsa. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo ulemu umenewo ndiwo unali chuma chawo chachikulu mayi aja. Anavomera kubwera kwathu pokhapokha nditalonjeza kuti m'chimbudzi chatsopanocho sindidzapondamo phazi, ndidzapitiriza kupita chokumba cha panja. Alamu anga anavomera monyinyirika, koma anandisiyira mawu akuti, "Chikangovuta chilichonse, ndibwera kudzawatenga."

Ntchitoyo ndinaipereka kwa pulambala wina wachikulire, Msilamu, amene ali ndi kasitolo ka mapaipi ndi misomali pamsika wa Mitundu. Ndi bambo wowonda, wa kachipewa koyera, wolankhula pang'onopang'ono moti munthu wa mtima wapachala ngati ine amatha kutopa asanamalize chiganizo. Tinatulutsa matumba a chimanga m'kachipinda koyandikana ndi kogona alendo. Iwo anaswa simenti ya pansi, anaboola khoma, n'kukumba ngalande kuseri kwa nyumba mpaka kudzenje lalikulu limene analimangira njerwa mkati. Chapakati pa ngalandeyo anamanga kadzenje kakang'ono kovundikira ndi simenti, koti paipi ikavuta munthu azisuzumirapo.

Chimene chinkandipweteka mutu chinali kuchedwa kwawo poyala paipi. Amanga chingwe, aika levulo yoyezera kutsetsereka, athira madzi a m'botolo, ayang'ana, achotsa dothi pang'ono, aikanso levulo. Ine masiku akundithera, apongozi akutuluka Lolemba.

"Madala, paipi ndi paipi. Kwirirani tizipita!" ndinatero tsiku lina.

Sanadzutse n'komwe mutu. "Aphunzitsi, ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga okha n'kusiya zinazo m'mbuyo. Ikagona kwambiri zonse zimaima. Ndisiyeni ndiyale bwino, ndi amayi odwala akubwera muno."

Atamaliza anagejemula katatu ine ndikuonerera, madzi akuzungulira n'kutsika mwaukhondo. Kenako anandikokera pambali n'kundiuza kuti m'menemo muzilowa madzi ndi tishu basi, ndipo anabwereza kuti, "Muwafotokozere amayi bwinobwino." Ndinavomera ndi mutu. Koma ine kukafotokozera apongozi anga nkhani ya m'chimbudzi? Ndiyambire pati? Ndinauza akazi anga kuti awauze, ndipo ndinaiwalako.

Apongozi anafika Lolemba lija pa galimoto ya hayala. Ine ndinaima patali, kuseri kwa mtengo wa mango, akazi anga ndi alamu akuwatsitsa. Katundu wawo anali wochepa: chikwama cha zovala, ndodo ziwiri zoyendera za kuchipatala, ndi kathumba ka feteleza kodzaza theka ndi zitsononkho, kamene anachita kutumiza uthenga kumudzi kuti kasatsale. Nditakaona ndinaseka. Ndinauza akazi anga kuti amayi akuganiza kuti kuno kulibe makala oyatsira mbaula. Iwo sanaseke nawo, anangoti amayi akufuna kathumbako kakhale kunsi kwa bedi lawo.

Milungu iwiri yoyamba zinayenda bwino. Ana athu anali ku sukulu yogonera komweko, ndiye m'nyumba tinali atatu. Ndinkadzuka m'mamawa, kusamba panja, kupita kuntchito, ndipo pobwera ndinkatsokomola kaye pageti kuti apongozi adziwe kuti ndafika. Iwo anayamba kuyenda ndi ndodo zawo kuchokera kuchipinda kufika pakhonde. Akazi anga ankandiuza kuti akudya bwino, ndipo tsiku lina ndinawamva akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, mnansi wanga wina amene ankamanga nyumba mpaka anabwera kudzafunsa kuti pulambala wake ndi uti.

Mlungu wachitatu akazi anga anandiuza kuti madzi akutsika mochedwa. Ndinati athiremo madzi otentha. Mawa lake anati akagejemula madzi akumakwera kaye mpaka pafupi ndi mlomo, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono uku akulira ngati munthu akuchukucha mkamwa. Ndinati athiremo soda. Lachiwiri masana ndikuchokera ku sukulu, fungo linandilandira ndisanalowe n'komwe pageti. Akazi anga ndinawapeza atapinda chitenje, ali ndi chikolopa m'manja, madzi akuda atasefukira kuchokera m'kachipinda kaja mpaka pabalaza.

Apa m'pamene ndinalakwa koyamba. Ndinaima pakati pa nyumba n'kukuwa ngati ndili pa asembule.

"Kodi m'nyumba muno mukuchitika chiyani? Chimbudzi cha dzulodzuloli chatseka bwanji? Nyumba yanga yasanduka khola la nkhumba!"

Akazi anga anandiyang'ana n'kuloza chitseko cha apongozi ndi maso. Chitsekocho chinali chotsegula pang'ono. Chinatsekeka mwakachetechete, ndipo ndinamva ndodo zikugogoda pansi kubwerera kubedi.

Madzulo ake ndinatenga mpando wapulasitiki, kuuboola pakati ndi mpeni wotentha, kuti pansi pake paziikidwa ndowa mpaka chimbudzi chitakonzedwa. Apongozi anakana. Anauza mwana wawo kuti sangalole kuti azidutsa ndi ndowa yotero pamaso pa amuna ake. Chakudya cha madzulo sanachikhudze. M'mawa phala linabwerera momwe linapitira. Tiyi anangonyowetsa milomo. Mankhwala ankameza ndi malovu. Akazi anga atawachonderera, anayankha kuti alibe njala, koma tonse tinadziwa kuti asankha kusadya ndi kusamwa kuti asafune chimbudzi.

Lachinayi m'mawa kukucha, ndikumanga nsapato, ndinamva akazi anga akukuwa kuseri kwa nyumba. Ndinathamanga. Apongozi anali pakati pa bwalo, pamatope, ndodo imodzi itatitimira, akulunjika kuchimbudzi chokumba chija. Thupi lawo linkagwedezeka, ndipo akazi anga anali atawakumbatira m'chiuno, akulira. Ndinaima pomwepo manja ali m'mwamba ngati chitsiru, kufuna kuthandiza koma osatha kuwagwira. Ndinaona kuti ndodo inayo ikangoterereka, zonse za ku Nkhoma zija zathera pomwepo. Apongozi atazindikira kuti ndilipo anatembenuzira nkhope kumpanda.

"Muwaimbire alongo anu adzanditenge," anauza mwana wawo, mawu ali ouma. "Ndawaonongera nyumba bambo."

"Muwauze amayi kuti sanaononge kanthu," ndinatero. "Muwauze kuti wolakwa ndi pulambala. Ndithana naye lero lomwe."

Tsiku limenelo sindikudziwa kuti anawo ndinawaphunzitsa chiyani. Titangoweruka ndinakwera njinga kulunjika kumsika. Pasitolo paja panali anthu angapo, ena akugula misomali, ena angokhala pabenchi. Mnansi wanga womanga nyumba uja analinso pomwepo, akuyeza mapaipi. Sindinapereke n'komwe moni.

"Madala, ntchito yanu ndi yachinyengo! Masiku onse aja mumaseweretsa levulo, kani mumangondinamiza? Mayi wodwala akufa ndi njala kwanga chifukwa cha paipi yanu. Ngati ntchito simuidziwa bwanji osamangogulitsa misomali?"

Bambo aja anaika pansi tepi imene inali m'manja mwawo. Anandifunsa modekha kuti madzi akuchita bwanji, ndipo nditawauza anafunsanso ngati m'menemo simunalowe china chilichonse. Funso limenelo linandiyatsa moto.

"Ndiye mukuti banja langa ndi la anthu osadziwa chimbudzi? Musandinyoze, madala!"

"Sindinatero, aphunzitsi," anatero. "Lero kwada kale, ndipo mvula ikubwera. Mawa ndikangotuluka mumzikiti ndifika."

Mnansi wanga uja anabweza paipi imene anagwira n'kutuluka osagula. Ndinaona, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma.

Lachisanu ndinapempha kuweruka msanga. Ndinapeza apongozi atawakhazika pampando pakhonde, chifukwa m'nyumba munali mosakhalika ndi fungo. Sindinawayang'ane mwachindunji, koma ndinaona kuti milomo yawo yang'ambika ndipo maso alowa mkati. Kapu ya madzi inali pambali pawo, yodzaza. Posakhalitsa kunja kunaima galimoto, ndipo anatsika alamu anga. Anandipatsa moni wozizira, anakagwada pafupi ndi mayi awo, kenako anauza mlongo wawo kuti alongedze katundu.

"Alamu, dikirani pang'ono," ndinawapempha. "Pulambala akubwera. Lero lomwe chikonzedwa."

"Ndinanena ine," anayankha. "Kwathu chimbudzi sichisefukira m'nyumba."

"Koma kwanu akanyonyomala."

"Tikaona komweko. Kusiyana n'kuti afe ndi ludzu pakhomo pa mkamwini."

Nthawi yomweyo bambo aja anatulukira akukankha njinga, atamangirira piki, fosholo, sowo ndi waya wautali. Anapereka moni kwa aliyense, ndipo kwa apongozi anawerama n'kuomba m'manja. Alamu anati apereka ola limodzi, dalaivala akudikira. Anansi nawo anayamba kusonkhana kumpanda, chifukwa nkhani ya kumsika ija inali itafika kale. Anabwera kudzaona mmene mphunzitsi amuyalutsire pulambala.

Bambo aja anayamba ndi kuvundukula kadzenje kaja. Munali mouma. Anati ndiye kuti chatseka chili pakati pa kadzenjeko ndi nyumba. Analowetsa waya, anakankha, wayayo anapita mikono ingapo n'kuima. Anayesanso, osatheka. Anautulutsa, anauyala pansi kuyeza pomwe unaimira, ndipo panali pafupi ndi khoma, pomwe paipi imakhota potuluka m'nyumba. Malowo anali moyang'anizana ndi khonde, mapazi ochepa chabe kuchokera pomwe apongozi anakhala.

Anayamba kukumba. Ine ndinaimirira pamwamba pawo manja ali m'chiuno, ndikuyembekezera kuona paipi yokhota kapena yosweka kuti ndiwalozere anthu onse. Dothi linali lonyowa, lomata ku fosholo. Paipi itaoneka anaipukuta ndi dzanja n'kuikapo levulo. Kadontho ka m'levulomo kanaima pomwe kanaima tsiku lija. Bambo aja anandiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Anadula paipiyo ndi sowo. Madzi akuda anathovoka kudzaza dzenje, anthu kumpanda anagwira mphuno n'kubwerera m'mbuyo. Iwo anavala pepala lapulasitiki kudzanja, anagwada m'matopemo, n'kupisa mkono m'paipi mpaka m'chigongono. Anakoka chinthu, ndipo chifukwa ndinali pamwamba pawo, ndine ndekha amene ndinachiona chisanatuluke m'madzi. Chinali chitsononkho. Anapisanso, n'kukoka china. Kenako zina ziwiri zopingasana.

Ndinakumbukira kathumba ka kunsi kwa bedi kaja, ndi mmene ndinasekera. Kumudzi chitsononkho ndicho tishu, ine ndemwe ndinakula nacho, ndipo m'chimbudzi chokumba chimangogwera pansi nkhani n'kutha. Mayi aja anabwera ndi zawo kuti asavutitse munthu. Akazi anga anadzandiuza pambuyo pake kuti anangowaonetsa pogejemulira, kuloza tishu ndi chala, n'kutuluka msanga, chifukwa mwana sangaphunzitse mayi ake kudzisamalira kumeneko. Aliyense wa ife anachita manyazi n'kusiyira mnzake.

Tsopano zitsononkhozo zinali m'manja mwa munthu amene ndinamutukwana pamaso pa makasitomala ake. Kuti ayeretse dzina lake, ankangofunika kukweza dzanja. Anthu onse akanaona, alamu akanaona, ndipo apongozi anga akanayaluka pamaso pa mudzi wachilendo ndi pamaso pa mkamwini wawo. Ndinadziwa kuti zikatero sagona m'nyumba mwanga usiku wina, ngakhale titawamanga ndi chingwe. Akakwera galimoto ija, ndipo mawa lake m'mawa akanyonyomala ku Nathenje. Ndinafuna kunong'ona kuti chonde madala. Ndikanawapempha ndi nkhope iti?

Mnansi wanga anafuula ali kumpanda, "Mwapezamo chiyani, madala? Tionetseni!"

Bambo aja anayang'ana pakhonde. Apongozi anali atagwira ndodo zawo zolimba, maso ali pa dzenjelo. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Dzanja lawo silinatuluke m'madzi.

"Aphunzitsi, tandipatsirani thumba la simenti ilo," anatero.

Ndinawapatsa. Analitsitsira m'dzenje, anakokolera zitsononkho zija m'menemo pamodzi ndi matope, anapisanso kangapo mpaka paipi inayera, n'kumanga thumbalo pakamwa. Kenako anaimirira n'kulankhula mokweza, mokweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Ndi matope ndi simenti. Aphunzitsi ananena zoona, cholakwa ndi changa. Pokhota apa ndinaika paipi yothina, ndipo sindinaitsuke nditamaliza. Amayi, mundikhululukire, ndakuzunzani."

Kumpanda kunabuka phokoso. Wina anati, "Mwaona? Akuluakulu omwewa!" Mnansi wanga anaseka n'kunena kuti mwayi wake sanawapatse ntchito. Alamu anapukusa mutu n'kunena kuti anthu a masiku ano ndi adyera. Ine ndinangoima. Mawu alionse owateteza akanaloza pakhonde, ndiye ndinatseka pakamwa, pakamwa pomwe paja pamene dzulo lake panalibe chotsekera. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Analumikiza paipiyo ndi chidutswa chatsopano, anamata, n'kuuza akazi anga kuti akagejemule. Tinamva madzi akudutsa, ndipo titasuzumira m'kadzenje kaja tinawaona akuthamanga. Anati agejemulenso kawiri. Kenako anasamba m'manja ndi sopo, anapita panjinga yawo n'kumasula kaketulo kapulasitiki, konga kamene Asilamu amatengera madzi popita kuchimbudzi, katsopano. Anakapereka kwa akazi anga, koma analankhula moti pakhonde pamveke.

"Mayi, paipi yanga ndaikonza, koma ndi yofooka. Musaidalire. Isalowemo kanthu kouma kalikonse, ngakhale kamtengo ka machesi. Aliyense wa m'nyumba muno, madzi okha ndi tishu. Kaketulo aka kazikhala momwemo, madzi ndiwo savuta."

Ndinazindikira kuti kaketuloko anakatenga asanakumbe n'komwe. Ankadziwa kuyambira dzulo lija pamene anandifunsa funso limene ndinawakalipira.

Thumba lija anamangirira panjinga n'kupita nalo. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo titatalikira anthu ndinayamba kuti, "Madala, ine..." Anandidula.

"Bwererani, aphunzitsi. Mukawapatse amayi madzi akumwa."

Nditabwerera ndinapeza alamu akufunsa mayi awo ngati akunyamuka. Apongozi anatambasula dzanja, anatenga kapu ija, n'kumwa madzi onse osapumira. Anauza mwana wawo wamwamuna kuti abwerere, iwo atsala. Madzulo ake anadya phala. Mawa lake m'mawa ndinaona akazi anga akuyatsa mbaula ndi zitsononkho, kathumba kaja kali pambali pawo.

Chimbudzi sichinavutenso, koma mbiri inayenda. Mnansi wanga anakatenga pulambala wa mtauni. Ndinkamva anthu akuchenjezana kuti madala a pamsika aja anatsala pang'ono kupha apongozi a aphunzitsi. Ndikadutsa pasitolo paja ndinkapeza benchi ili yokha. Tsiku lina ndinalowa n'kuwauza kuti ndikufuna kuuza anthu zoona. Anakana. "Mukanena, mwawavula amayi aja. Dzina langa lidzabwerera lokha, zisiyeni." Ndinatuluka mtima uli wolemera kuposa mmene ndinalowera.

Miyezi itatu itakwana, ku Nkhoma anati fupa lagwira. Apongozi anali akuyenda ndi ndodo imodzi, ndipo ku Nathenje tinali titawamangira chimbudzi chokumba chokhala ndi pokhalira pa njerwa. Tsiku lonyamuka alamu anabwera ndi galimoto ija, atanyamula nkhuku yaikazi imene mayi awo anaitanitsa. Ndinaganiza kuti ndi yathu, yotsanzikira. Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, iwo kumbuyo ndi ana awo. Tikuyandikira msika ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo, tiime pasitolo pa madala aja."

Sanati muwauze bambo. Anauza ine. Ndinachita kugwira dalaivala pamkono kuti aime.

Unali m'mawa wa Loweruka, pamsika pali anthu. Apongozi anatsika okha, anakana kugwiridwa, nkhuku ili kukhwapa. Bambo aja atawaona anatuluka msanga. Apongozi anayamba kupinda bondo kuti agwade, ndipo tonse tinakuwa nthawi imodzi. Bambo aja anati, "Ayi amayi, chonde, imani choncho!" Anaima. Anapereka nkhukuyo ndi manja awiri, ndodo itatsamira pantchafu.

"Ndabwera nayo yamoyo kuti mukazinge nokha," anatero. Kenako anakweza mawu, mayi amene kwa zaka zonsezi ndinkangowamva akunong'ona kuseri kwa nkhokwe. "Paipi yanu inalibe vuto, bambo. Ndinkataya zitsononkho ndine, sindinkadziwa. Ndinaona zimene munaika m'thumba muja. Anthu amve, asamakunenereni zoipa chifukwa cha ine."

Anthu a m'masitolo oyandikana anali atatuluka. Palibe anaseka. Akazi anga anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo aja anagwira nkhuku ija pachifuwa, maso ali pansi, n'kungoti, "Zikomo amayi, muyende bwino."

Apongozi anatembenuka kubwerera kugalimoto, ndipo podutsa pomwe ndinaima sanapatuke. Anandiyang'ana m'maso, kamodzi kokha, n'kupitirira. Pamenepo ndinadziwa kuti watsala ndine. Ndinavula chipewa, ndinagwada pafumbi pakhomo pa sitolo paja, pamalo pomwe ndinaima tsiku lija ndikutukwana, n'kupepesa mokweza monga mmene ndinatukwanira.

Tinapitiriza ulendo wa ku Nathenje. Titafika, apongozi anatsika n'kuyenda okha mpaka pakhonde pawo. Anakhala pampando atandifulatira monga kale, n'kuuza mwana wawo kuti, "Muwauze bambo kuti tafika bwino."